Mwamuna akachona ku Joni, mkazi adikire mpaka liti?

Mdzukulu wa kwa Chimwala

Agogo, amalume ndi makolo nonse muli pano, ndikupempha nzeru. Nkhani yake ndi iyi yadzaza m'midzi mwathu muno ku Mangochi, kuyambira kwa Makanjira mpaka kwa Nankumba. Mnyamata akwatira chikamwini, amanga ndowa (ukwati wa Chisilamu) kapena chinkhoswe bwinobwino, ana awiri abadwa, kenako akwera basi ya ku Joni. Chaka choyamba ndalama ikubwera mwezi ndi mwezi. Chachiwiri yayamba kudumphadumpha. Chachitatu, zii. Foni ikalira sayankha, koma pa Facebook zithunzi zatsopano zikuoneka. Mkazi uja sali pabanja, salinso mbeta.

Kodi pamwambo wathu adikire zaka zingati? Nkhani iyambire kwa yani, ndipo iyende bwanji? Nanga nyumba yomangidwa ndi ndalama ya ku Joni, ndi ana, zimakhala za yani? Chonde ndithandizeni ndi ndondomeko yeniyeni, chifukwa mawu akuti "pirira" atsikanawa awamva kokwanira.

Nkhoswe ya ku Namwera

Mdzukulu wanga, mwambo ulibe nambala ya zaka. Chimene makolo ankayang'ana si kutalika kwa ulendo koma ngati munthuyo akusamalabe pakhomo: chakudya, chovala, denga, ndi mawu. Nthawi ya Wenela ndi TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, munthu ankapita pa kontirakiti, nthawi yobwerera ikudziwika, ndipo gawo lina la malipiro ankadzalandirira kuno kumudzi. Zimenezo zinatha mu 1988. Lero mnyamata amadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndi masiku 30 a pa pasipoti, masikuwo akatha amayamba kukhala mobisala, ndipo palibe ofesi imene ingamuuze kuti nthawi yako yakwana, bwerera kwa ana ako. Ndiye ntchito imeneyo yatsalira ankhoswe.

Mkazi asayambire kwa apongozi ake, asayambirenso pa gulu la WhatsApp. Apite kwa nkhoswe yake yaying'ono, kawirikawiri amakhala mchimwene wake, ndipo ameneyo akauze nkhoswe yaikulu, amalume, eni mbumba. Apongozi aakazi ndi owapewa poyamba pa chifukwa chimodzi: nthawi zambiri ndalama imene yaleka kufika kwa mkazi ikufika kwa iwo, ndiye ukawafunsa amamva ngati wawatchula akuba, nkhani n'kuyamba ndi mkangano isanafike n'komwe kwa mwini wake.

Asananyamuke kupita kuchimuna, ankhoswe ayambe afufuza ngati munthuyo ali moyo ndiponso pamtendere. Si aliyense wokhala chete amene wakwatira kumeneko. Ena ali m'chipatala, ena m'ndende, ena anagwidwa chifukwa cha mapepala ndipo akudikira ku Lindela kuti awabweze, ena achifwamba anawalanda foni ndi manambala onse. Ofunsa alipo: anyamata a m'mudzi momwemo amene amakhala naye dera limodzi, matransipota onyamula katundu pakati pa Joni ndi kuno, ndi akuluakulu a mzikiti kapena tchalitchi chimene amapemphera. Anthu atatu osagwirizana akanena chinthu chimodzi, umenewo ndi umboni. Mmodzi yekha ndi mphekesera. Kufufuzaku kusapitirire mwezi.

Zikadziwika kuti ali bwino, ankhoswe awiri akuchikazi apite kwa anzawo akuchimuna, m'mawa anthu asanabalalike. Ulendo woyambawu mkazi asapite nawo. Ndi wongotula nkhani ndi kupangana tsiku. Pa tsikulo mbali zonse zikhale pa mphasa imodzi, mkazi alipo, foni pakati, sipika yotsegula. Foniyo ikhale yodzaza moto, mayunitsi okwanira ola lathunthu, pamalo pogwira netiweki, chifukwa milandu yambiri yotere imafera pa mawu akuti "yadula". Oyimba akhale nkhoswe ya mwamuna, pa nambala yakeyake. Ya mkazi sayankha kale, koma amalume ake sangawakanire kawiri.

Mafunso ndi atatu basi. Banjali ukulifunabe? Chavuta n'chiyani? Uyamba liti kuthandiza, ndi zingati, ndipo ubwera liti? Za mkazi wina wa kumeneko musayambe ndinu. Mukayamba nazo amakalipa n'kudula. Zimatuluka zokha pa funso lachiwiri.

Akavomera, chimene mwagwirizana chiwerengedwe mu zinthu, osati mu makwacha. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anapangana nambala ya ndalama chaka chimenecho anapezeka kuti ya mwezi wonse ikutha pa masabata awiri. Lembani chonchi: thumba la chimanga la makilogalamu 50 pamwezi kwa mayi ndi ana atatu kapena anayi, kuphatikiza ya chigayo, sopo, mchere ndi ndiwo, pofika Okutobala matumba awiri a feteleza pa ekala imodzi, wokulitsa ndi wobereketsa, yunifolomu ndi makope sukulu isanatsegulidwe. Mapepala akhale awiri ofanana, lina kuchimuna lina kuchikazi, tsiku lilembedwe, ankhoswe onse asayine kapena adinde chala.

Malire ndi miyezi itatu. Mwezi umodzi ndi wochepa kwa munthu wodalira maganyu kudziko la eni. Isanu ndi umodzi ndi yambiri, imamufikitsa mkazi mu njala ya Januwale ndi Febuluwale alibe pogwira. Miyezi itatu ikatha popanda kanthu, khalaninso. Kachitatu zikakanika, ankhoswe akuchimuna anene okha poyera kuti mwana wathu watilaka, ndipo nkhani ipite kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu. Banja limamasulidwa ndi amene analimanga, pamaso pa mboni, osati ndi kukhala chete.

Anganga a ku Malindi

A nkhoswe a ku Namwera, mwalongosola bwino, koma mwalambalala pamene pamawawa. Ndondomeko yanuyo imayenda ngati ankhoswe ali owongoka. Nkhoswe imene yalandira foni ndi jekete yochokera ku Joni pakamwa pake pamamatika, imangoti "tidikire Disembala, mwina abwera". Disembala afika, mabasi atsitsa ma matiresi ndi mafiriji a anthu ena pa Boma, iye osaoneka, ndiye "tidikire Idi". Umo ndi mmene zaka zisanu zimathera. Mwana wamkazi akaona kuti nkhoswe yakhala miyezi iwiri osasuntha phazi, apite kwa mayi ake aakulu kapena kwa amalume ena, apemphe kuti nkhoswe isinthidwe. Zimaloledwa. Unkhoswe si ufumu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Za nyumba ndiyankhe ineyo. Pa chikamwini malo ndi a mbumba ya mkazi, ndipo kumanga nyumba kwawo kwa mkazi ndi udindo wa mwamuna. Banja likatha nyumbayo imatsala ndi mkazi ndi ana. Mkamwini amanyamula zovala zake, njinga yake ndi zipangizo zake za ntchito. Kubwera ndi anyamata kudzasasula malata ana ali m'kati ndi chipongwe, ndipo mfumu yodziwa ntchito yake siilola.

Pamene pamavuta ndi apa. Ndalama ya nyumba siitumizidwa kwa mkazi, imapita kwa mchimwene wa mwamuna. Iyeyo amaumbitsa njerwa kwawo, nyumba n'kumangidwa pakhomo pa mayi wawo, kapena amagula puloti pa Boma, pa Makawa kapena pa Namwera, pepala n'kulembedwa dzina lake. Mkazi amauzidwa kuti "ndi yanu yomweyi, alamu". Tsiku la mlandu mawu amenewo palibe amawakumbukira. Chimodzimodzi boti, injini ndi khoka la chilimira zimene mwamuna amapatsa mchimwene wake kuti aziyendetsa: usipa ukuphedwa usiku uliwonse wa mdima, koma pakhomo pa mwini wake ndiwo ndi masamba a maungu.

Choncho atsikana inu, pepala logulira puloti likhale ndi mayina anu nonse awiri, losayinidwa ndi mfumu ya malowo ndi mboni. Likajambulitseni, lina mukasungitse kwa mayi anu, osati m'chikwama cha m'nyumba chimene aliyense angatsegule. Malisiti a simenti, malata ndi matabwa musatayire pamoto. Mauthenga a Mukuru, Airtel Money kapena Mpamba musafufute, ndipo muwakoperenso m'kope, tsiku ndi ndalama yake, chifukwa foni imagwera m'madzi. Mulembenso thukuta lanu: masiku amene munatunga madzi oumbira njerwa, mchenga umene munasenza, amisiri amene munawaphikira. Imeneyonso ndi ndalama, ngakhale sinadutse pa Beitbridge.

Tsono mawu amene simukonda kumva. Musalowetse mwamuna wina m'nyumba musanamasulidwe. Sindikunena kuti wochonayo akukhoza, ayi, walakwa ndithu. Koma mimba ikaoneka mlandu wonse umatembenuka. Zaka zinayi za njala zimaiwalika tsiku limodzi, pabwalo amangokamba za mimbayo, chindapusa chimagwera mbumba yanu, ndipo amene anakutayani uja ndiye amasanduka wodandaula. Yambani mwamasulidwa. Mwamuna amene akukufunani zoona adikira miyezi imeneyo, ndipo adzabwera ndi ankhoswe ake masana, osati usiku.

Ana musawauze kuti bambo wanu anakutayani. Mwana amasunga mawu amenewo mpaka imvi. Bamboyo akayimba apatseni foni alankhule, ndipo agogo awo akuchimuna aziwaona, ngakhale inu mutakhala kuti simulonjerana nawo. Ndipo podikira zonsezi manja asakhale lende: kageni ka usipa wouma, zitumbuwa, banki mkhonde, dimba. Mkazi amene ali ndi chimanga chake m'nyumba amalankhula pa mphasa mosanjenjemera.

Mwalimu wa kwa Jalasi

Asalamu alaikum, makolo anga. Ndiwonjezere za amene anamanga ndowa, chifukwa pali chisokonezo chachikulu. Anthu ambiri amati Chisilamu chimalamula mkazi kudikira zaka zinayi. Zaka zinayizo zilipodi, zimachokera pa chigamulo cha Khalifa Umar, koma ndi za mwamuna amene wasowa, osadziwika ngati ali moyo kapena wamwalira. Zikatha mkazi amakhala eda, nthawi yodikira asanakwatiwenso, ya miyezi inayi ndi masiku khumi, kenako ndi womasuka. Mwamuna amene tikudziwa kumene ali, akudya, akuvala, akuika zithunzi, si wosowa. Ameneyo akukana udindo, ndipo lamulo lake ndi lina.

Kudyetsa, kuveka ndi kupereka pogona ndi udindo wa mwamuna pa ndowa, kaya ali pafupi kaya ali kutali. Qur'an imamupatsa njira ziwiri zokha, kusunga mkazi mwaubwino kapena kumusiya mwaubwino, ndipo imaletsa kumusiya ali lende, wosakhala wokwatiwa, wosakhala wosiyidwa. Ndiye zimene mdzukulu wafotokozazi ndi tchimo la mwamunayo, si mayeso a chikhulupiriro cha mkazi.

Zimayenda chonchi. Ankhoswe akalephera, mkazi ndi abale ake apite kwa shehe amene anamangitsa ndowa, kapena wa mzikiti wawo, atanyamula pepala la ndowa ngati lilipo ndi pepala lija la mapangano. Shehe amalankhula ndi mwamunayo pamaso pa mboni ndi kumupatsa nthawi. Apa njira ndi zitatu. Mwamuna atha kupereka talaka, mawu omasula mkazi pa ndowa. Mkazi atha kupempha khula, kumene ndi kudziwombola pobweza mahari, chuma chimene mwamuna anamupatsa pomanga ndowa. Mwamuna akakana zonse, osathandiza komanso osamasula, mashehe ali ndi mphamvu yothetsa ndowayo okha. Chenjerani pamenepa: mkazi amene wasiyidwa ndi njala asakakamizidwe kubweza mahari ngati kuti ndiye walakwa. Khula ndi ya pamene mkazi akufuna kutuluka yekha.

Talaka ya pa foni imabweretsa milandu yambiri. Uthenga wolemba atha kulemba wina aliyense, ngakhale mkazi wa kumeneko atatenga foni ya mwamuna. Ndiye uthenga wotere ukabwera, shehe ayimbe, mwamunayo atsimikize ndi pakamwa pake mboni ziwiri zikumva, ndipo tsiku lilembedwe, chifukwa eda imawerengedwa kuchokera pa talaka. Eda yake ndi kupita kumwezi katatu. Kwa woyembekezera ndi mpaka atachira. Pa talaka yoyamba ndi yachiwiri mwamuna atha kubwerera kwa mkazi wake eda isanathe. Ikatha, pafunika ndowa yatsopano, mahari atsopano, ndi kuvomera kwa mkaziyo.

Za mitala: kukwatira wina ku Joni sikuchotsa kanthu pa udindo wa kuno. Amene sangathe kudyetsa nyumba ziwiri mofanana alibe chilolezo cha nyumba yachiwiri.

Mkulu wa pa Boma

Zikomo a mwalimu. Ine ndingoikapo za boma, mwachidule. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa pamwambo ndi wa chipembedzo, osati wa kwa DC wokha, ndipo kuthawa banja popanda chifukwa ndi chimodzi mwa zimene khoti limayang'ana pothetsa ukwati. Choncho ngakhale ankhoswe, mfumu kapena shehe atamaliza mbali yawo, pitani kukhoti la majisitireti kuti pakhale chikalata, makamaka ngati pali nyumba, puloti kapena boti. Mawu a pabwalo amakanidwa mawa. Khoti limafuna kumva kwa ankhoswe, ndiye pitani nawo, pamodzi ndi kope lija, malisiti, ndi makadi a ana akuchipatala kapena zikalata zawo za kubadwa.

Pa ana, lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limati makolo onse awiri ali ndi udindo, banja lithe kapena lisathe. Mawu akuti "ana ndi a kuchikazi, adziwe ndi amalume awo" sagwira ntchito kukhoti. Komanso khoti poona kumene ana akhale limayang'ana ubwino wa anawo, osati chikamwini kapena chitengwa chokha.

Ndinene zoona: kukakamiza munthu amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town wopanda mapepala kuti azitumiza ndalama n'kovuta kwambiri. Chimene chimagwirika ndi katundu wake amene ali kuno. N'chifukwa chake mawu a anganga aja a mapepala ndi olemera. Uzani khoti za njinga yamoto ya kabaza, nyumba ya lendi, kapena boti limene likugwira ntchito m'manja mwa abale ake. Opanda ndalama ya loya afunse a Legal Aid Bureau, ndipo za ana ayambire ku ofesi ya Social Welfare. Akuchimuna akayamba kuopseza kapena kulanda katundu, imeneyo ndi ya ku Victim Support Unit kupolisi.

Zikadziwika kuti munthuyo anamwalira kumeneko, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kwa Akhristu, chikalata cha khoti sichimasula ukwati wa kutchalitchi pachokha, makamaka kwa Akatolika, ndiye kaonaneninso ndi abambo mfumu kapena abusa musanaganize za banja lina.

Mdzukulu wa kwa Chimwala

Zikomo kwambiri makolo anga, ndagwira mwendo. Katsala kamodzi. Nanga nkhani ili pakati chonchi, mwina yafika kale kwa gulupu, mwamuna uja n'kutulukira ndi katundu wodzaza ngolo, akuti ndabwera kwa mkazi wanga? Alandiridwe?

Nkhoswe ya ku Namwera

Alandiridwe ngati mlendo, apatsidwe mpando ndi madzi, koma chikwama chake chikagone kwa ankhoswe ake. Munthu amene nkhani yake ili pabwalo salowa m'nyumba chifukwa choti wabwera ndi firiji. Katunduyo asatsitsidwe pakhomo pa mkazi usiku womwewo, chifukwa akangolowa m'nyumba akuchimuna amati mwalandira, mlandu watha. Akhale kwa nkhoswe kapena kwa nyakwawa, atawerengedwa ndi kulembedwa pamaso pa mbali zonse.

Pasanathe masiku atatu mukhale pansi. Ayambe ndi iye kufotokoza, ndipo anene zonse: ngati kuli mkazi kumeneko, ngati kuli ana, ngati wabweretsa ngongole, ngati wabwereratu kapena abwereranso. Kenako mkazi afunsidwe payekha, ndi amayi aakulu awiri, mwamuna ndi ankhoswe aamuna atatuluka. Pagulu mwana wamkazi amayang'ana pansi n'kuti "chabwino" chifukwa choopa maso a amalume, ndipo "chabwino" ameneyo amabweretsa mlandu womwewo chaka chamawa. Akati sakufuna, nkhani ipitirire pamene inali.

Akati akufuna, pepala lija lilembedwenso ndi zinthu zatsopano: ngongole zimene mkazi anatenga podyetsa ana azibweze mwamuna, ndalama ikamatumizidwa izifika pa nambala ya mkazi, ya apongozi ikhale yapadera ndi yodziwika, ndipo mwezi wobwera kudzaona ana ulembedwe. Ngati talaka inaperekedwa ndipo eda inatha, abwerere kwa shehe asanalowe m'nyumba.

Anganga a ku Malindi

Ndipo asanagone mphasa imodzi apite kuchipatala onse awiri, tsiku limodzi, akayezetse magazi ndi kumva zotsatira ali limodzi. Kapepala kamene mwamuna wabwera nako m'thumba kuchokera ku Joni musakalandire. Achipatala akati mudzabwerenso kudzayezetsa kachiwiri, bwererani pa tsiku limene anenalo, ndipo pakati pamenepo makondomu. Zimenezi anene ndi ankhoswe pa mphasa pomwepo, ngati gawo la mapangano, chifukwa mkazi akazinena yekha kuchipinda mwamuna amamutembenuzira kuti ndiye amayendayenda.